Kalasi ya Chingerezi ikangoti zii, ine mtima sukhala m'malo

Aphunzitsi anzanga, lero ndiloleni ndikuputeni pang'ono. Ndakhala ndikuphunzitsa Chingerezi kwa zaka zambiri ndithu, kwa ana amene kunyumba kwawo sachimva n'komwe, ndipo chimene ndinkanyadira kale ndi chomwe chimandichititsa manyazi lero. Kalasi yanga inkangoti zii. Makope aukhondo, galamala yokopedwa bwinobwino kuchokera pabolodi, mizere yolemba ndi rula. Ahedi akasuzumira pawindo ankagwedeza mutu kuti apa ndiye pali mphunzitsi. Chikomekome cha mkuyu. Mwana yemweyo amene wakhoza mafunso onse khumi odzaza m'mipata, ukamufunsa m'Chingerezi kuti dzulo unajomba chifukwa chiyani, ankangozyolika n'kumakanda desiki ndi chikhadabo.

Amene anawatseka pakamwa anawo ndine. Ndinali ndi kathabwa koboola, komanga chingwe, kamene ndinkaveka m'khosi aliyense wogwidwa akulankhula chilankhulo cha kwawo. Wovalayo ankayenera kutchera khutu kuti apeze mnzake womupatsira, ndipo amene belu loweruka lamupeza nako ndiye ankalandira chilango. Nanenso ndinakavalapo ndili mwana, ndiye ndinkangoti ndimo mmene Chingerezi chimalowera m'mutu. Ndinadzamva mochedwa kuti ana a ku Wales ankavekedwa kathabwa kotereka m'zaka za m'ma 1800, kolembedwa zilembo WN, chifukwa cholankhula chilankhulo cha makolo awo. Ku Brittany m'dziko la France zinaliko, ku Okinawa m'dziko la Japan zinalikonso. Ana anga anaphunzirapo zinthu ziwiri pa kathabwa kaja: kukhala chete ndi kunenerana kwa aphunzitsi.

Amene ananditsegula maso ndi kamtsikana kena kamanyazi kokhala pafupi ndi khoma. Tsiku lina kanaimika mkono, mawu akunjenjemera, nkuti: "Yesterday I goed to the hospital." Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Ine ndinapsa mtima, chifukwa masabata angapo m'mbuyomo kankanena "went" molondola. Ndinakakalipira kuti kakubwerera m'mbuyo. Temu yonseyo sikanaimikenso mkono.

Koma taganizani bwino za "goed" ameneyu. Mawu amenewa sanawamve kwa ine, sali m'buku lililonse. Anawapanga yekha. Poyamba ankanena "went" mongoloweza ngati chinkhwe. Kenako anazindikira payekha kuti Chingerezi chikamakamba zakale chimaika -ed kumapeto kwa mneni, ndiye analigwiritsa ntchito lamulolo paliponse. Ana a ku London amene anabadwa nacho Chingerezicho amachita chimodzimodzi akamaphunzira kulankhula, amanena "goed", amanena "foots", kenako amadzawongokera okha. Pit Corder wa ku yunivesite ya Edinburgh analemba mu 1967 kuti zolakwa za wophunzira ndi umboni wosonyeza pamene wafika, ndipo mu 1972 Larry Selinker anafotokoza kuti wophunzira amakhala ndi chilankhulo chakechake cha panjira, chokhala ndi malamulo ake, chimene chimasintha pang'onopang'ono. Mwana uja anali atakwera sitepe, ine n'kumugwetsa.

Kuchokera pamenepo cholembera chofiira ndinayamba kuchisunga m'thumba kawirikawiri.

Pali kachilembo kena kamene katiwonongera mawu pachabe aphunzitsife: ka -s ka mu "she walks". Timakaphunzitsa temu yoyamba chifukwa lamulo lake n'losavuta kulilemba pabolodi, ndiye mwana akati "she walk" chaka chachitatu timati ndi ulesi. Heidi Dulay ndi Marina Burt anafufuza ana olankhula Chisipanishi ndi Chitchaina ku America m'zaka za m'ma 1970, napeza kuti tizidutswa ta galamala ya Chingerezi timakhazikika motsatana mofanana ndithu ngakhale anawo zilankhulo zawo n'zosiyana. Ka -ing kamabwera msanga, ka -s kameneka kali m'gulu la tomalizira. Ungakuwe mpaka kusasa mawu, kadzabwera pa nthawi yake. Ndimakaphunzitsabe, ndimakumbutsabe, koma sinditayanso peliyodi yathunthu kulimbana nako.

Nanga za chilankhulo cha kwawo m'kalasi? Apa ndi pamene timasemphana kwambiri ndi anzanga ena. Ganizo lakuti m'kalasi muzimveka chilankhulo chophunziridwacho chokha linatchuka ndi sukulu za Maximilian Berlitz, amene anatsegula yoyamba ku Providence, ku America, mu 1878. Lili ndi ubwino wake, sindikana: mwana amene kunja sachimva Chingerezi ayenera kuchimva chochuluka kwa ine. N'chifukwa chake moni, malangizo, nthabwala, ngakhale kudzudzula, ndimachita m'Chingerezi. Koma tengani chitsanzo ichi. Ana amasokoneza "he" ndi "she" tsiku ndi tsiku, amati "my mother, he is sick". Ndingathe kuvina ndi manja theka la ola, kapena ndingawauze m'mphindi imodzi kuti ife timangoti "iye" kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, koma Chingerezi chimafuna usankhe. Ukatero umaona nkhope zikuwala. Mwana wadziwa pamene pali dzenje, ndipo wadziwanso kuti si iye wopusa, zilankhulo ziwirizi zimangodula dziko mosiyana. Chilankhulo chimene mwana anabwera nacho ndicho chuma chokhacho chimene ali nacho tsiku loyamba, ndiye ine ndimulande pakhomo pa kalasi?

Za katchulidwe ndingonena mwachidule. Ndimalimbana ndi l ndi r chifukwa "play" ndi "pray" si chinthu chimodzi, "light" ndi "right" ayinso. Pamenepo tanthauzo limasokonekera. Koma zoti mwana azilankhulira m'mphuno kuti amveke ngati wa pa BBC, ndinazisiya kalekale. Malinga ndi kuwerengera kwa katswiri wa zilankhulo David Crystal, anthu amene anachita kuchiphunzira Chingerezi amaposa obadwa nacho katatu kapena kupitirira apo. Mwana wangayu akadzakula adzachilankhula ndi Mmwenye, Mjeremani, munthu wa ku Nigeria. Chofunika n'chakuti amveke.

Wina andiuza kuti ndiye kuti galamala tiitaye, ana azingobwebweta. Ayi, bwana, sindinatero. Stephen Krashen anatchuka m'zaka za m'ma 1980 ponena kuti chilankhulo chimalowa munthu akamamva ndi kuwerenga zinthu zimene akuzimvetsa, zokwererapo pang'ono pa zimene akudziwa kale, komanso kuti mantha amatseka njira. Pa mantha paja ndimamuvomereza ndi manja awiri. Koma Merrill Swain anaona ana a ku Canada olankhula Chingerezi kwawo amene ankaphunzira maphunziro awo m'Chifalansa kwa zaka zambiri: kumva ankamva bwino kwabasi, koma polankhula ndi polemba galamala inali yopotokabe. Mu 1985 ananena kuti kumva kokha sikukwanira, wophunzira ayenera kukakamizika kutulutsa mawu ake kuti aone pamene pakuperewera. Ndiye kukonza ndimakonza. Nkhani ili pa nthawi yake ndi kachitidwe kake. Mwana ali pakati pa chiganizo sindimudula. Ndimalemba pakapepala zimene ndamva, pomaliza ndimaika ziganizo zitatu pabolodi osatchula mwini wake, tonse n'kuzikonza. Pa chimangirizo ndimasankha zolakwa za mtundu umodzi kapena iwiri basi. Kale kope linkabwerera lofiira ngati lachita ngozi, ndipo mwana ankangoyang'ana malikisi n'kulitseka.

China chimene chinandithandiza n'chaching'ono moti chimaseketsa. Mary Budd Rowe, amene ankafufuza makalasi a sayansi ku America, anapeza kuti mphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha yekha, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo mayankho amatalika, oyankhanso amachuluka. Tsono ganizirani mwana amene ayenera kumva funso, kuganiza yankho, kufufuza mawu a chilankhulo chachilendo, n'kuwasanja. Sekondi imodzi! Masiku ano ndikafunsa ndimawerenga chamumtima mpaka faifi, choko chili m'manja. Poyamba zinkandiyabwa, ndinkaona ngati ndaiwala phunziro. Koma manja amene amakwera pa nambala folo si aja a ana atatu akutsogolo amene amayankha chilichonse.

Mayeso ndikuwadziwa, musandikumbutse. Ambiri amafunsa zolemba, ndipo makolo amayang'ana malikisi. Koma ine ndaona kuti mwana amene wazolowera kufotokoza nkhani pakamwa savutika kudzaza tsamba, pamene woloweza malamulo amatafuna cholembera mpaka nthawi kutha.

Vuto limene ndili nalo panopa ndi phokoso. Ndikawaika awiriawiri kuti afunsane mafunso, kalasi imasanduka msika, ndipo ndikamazungulira ndimamva ena atathawira kale ku chilankhulo chawo, akukangana kuti kodi ndi "did you went" kapena "did you go". Amenewo ndimawasiya, bola ndikafika andipatse chiganizo cha Chingerezi. Amene sanandikhululukirebe ndi aphunzitsi a masamu a kalasi yoyandikana nayo. Sabata yatha anagogoda kawiri, kachiwiriko atanyamula rula yawo yaikulu ija, n'kundifunsa ngati m'kalasimo muli mphunzitsi.