Rico sanalephere kuwombera Joe chifukwa cha ubwenzi chabe

Mlembi wa nkhani ina akuti ndife oonera a masiku ano amene tikukakamiza chikondi cha amuna okhaokha m'mafilimu akale a zigawenga a ku America, pomwe munali ubwenzi basi. Pepani bambo, apa sindikugwirizana nanu.

Kaonereninso filimu ya Little Caesar ya 1931. Rico, amene anaseweredwa ndi Edward G. Robinson, alibe nazo ntchito za akazi. Mnzake Joe atafuna kusiya uchigawenga kuti azivina ndi Olga, Rico akupsa mtima ngati munthu wolandidwa wokondedwa wake. Pamapeto akuloza Joe mfuti, kamera ikuyandikira nkhope ya Rico, maso ali jenjenje, chala chikukana kukoka. Munthu woti wapha anthu osaphethira n'komwe! Nanga Otero uja, chigawenga chinzake cha Rico, wokwera pabedi pomwe Rico wagona n'kumamuyang'ana mosirira? Zimenezi anazijambula dala.

Sindikunena kuti amuna awiri alionse okondana m'filimu ndi otero, ayi. Koma kuyambira 1934 malamulo a Hays, oletsa zinthu zina kuonetsedwa m'mafilimu, anayamba kugwira ntchito mwamphamvu ku Hollywood, ndipo nkhani zotere zinaletsedwa kuonetsedwa poyera. Opanga mafilimu ankangolankhula mophiphiritsa, ndipo amene zinkawakhudza ankamva bwino lomwe.

Mwachitsanzo, m'filimu ya The Big Combo ya 1955, zigawenga ziwiri zachimuna, Fante ndi Mingo, zimagona chipinda chimodzi. Bwana wawo Brown atawatchera bomba, Fante n'kufa, Mingo akulira mosatonthozeka, n'kuulula zonse za Brown kwa apolisi.