Msiyeni mwana wa pulogalamu, vuto ndi batire lanu

Zandinyansa kwambiri zimene ndaona pa mpikisano wa maloboti. Loboti ili mkati mothamanga, kamera yazima, basi gulu lonse mpaka aphunzitsi awo omwe kumuunjikira mwana wolemba pulogalamu kuti ndiye waononga. Waononga chiyani? Pulogalamu ingayende bwanji pa kompyuta yozima? Kamera ija munailumikiza kumene mamota akukoka magetsi, popanda chilichonse choiteteza, ndiye lero mukuloza chala mwana wosalakwa. Manyazi mulibe?

Tamvani anzanga. Mu mpikisano wa maloboti wa ana a sukulu wa FIRST Robotics Competition (FRC) loboti yonse imadalira batire limodzi la 12V, la pafupifupi 18Ah. Limodzi basi. Mota imodzi ya CIM ikakanika kuzungulira imatha kukoka kupitirira 100A, ndipo inu mwaikamo anayi kapena kuposa. Maloboti akangogundana n'kuyamba kukankhana, mphamvu ya batire imagwa mwadzidzidzi. Bola roboRIO, kompyuta yolamulira loboti yonse, imadziwa kudzisamala: magetsi akatsika kufika cha pa 6.8V imayamba yadula mamota kuti iyoyo isafe. Nanga Raspberry Pi, kompyuta yaing'ono imene yanyamula kamera yanu? Imeneyo imafuna 5V yokhazikika. Magetsi akangotsika kamphindi kochepa chabe, yazima, iyambirenso pachiyambi. Kuti idzuke pamapita masekondi ambirimbiri, pa mpikisano umene sukwana n'komwe mphindi 3. Nthawi yonseyo loboti sikuona zizindikiro za AprilTag zoikidwa m'bwalo kuti ziziilondolera, sikudziwa pamene ili, ikungoyenda mwakhungu.

Munafuna mamota amphamvu, si choncho? Walira mvula walira matope.

Chimene chikundiwawa kwambiri n'chakuti njira ilipo, ndipo si yobisika. Malamulo a FRC akhala akulola power bank ya USB yosapitirira 100Wh kuti iziyatsa kakompyuta koonjezera ndi kamera yake, bola imangidwe zolimba ndipo zingwe zake zikhale zosadulidwa kapena kusinthidwa. Mamota ndi roboRIO ayi, zimenezo zimakhalabe pa batire lalikulu, koma maso a loboti mukhoza kuwapatsa chakudya chawochawo. Simukufuna power bank? Ikani regulator yabwino, yokhazikitsa mphamvu ya magetsi, imene imagwirabe 5V ngakhale batire litagwa. Ngakhale VEX Cortex yakale ija, kompyuta yolamulira maloboti a VEX, inali ndi batire la 9V lapadera loti kulumikizana ndi woyendetsa kusaduke batire lalikulu likafooka. Anthu anaganiza kale zimenezi. Inu mwangotanganidwa ndi liwiro, kaya ndi ulesi wowerenga buku la malamulo, kaya.

Ndibwerezenso poti ena mumamva mochedwa: kamera yopanda magetsi okhazikika si kamera, ndi katundu wongolemeretsa loboti. Mungagule kamera yodula ya Limelight, mungaike pulogalamu ya kamera ya PhotonVision, mungakhale usiku wonse mukukonza manambala, koma ngati ikuzima nthawi iliyonse imene woyendetsa wapondereza, mwataya nthawi. Komanso kuzimazima kumeneko kumatha kuononga SD card yosunga pulogalamu ya Raspberry Pi, mawa lake osadzukanso n'komwe. Pamenepo mudzanenanso kuti ndi mwana wa pulogalamu?

Ndipo musati poti mwamva za power bank basi mukangoiponya mkatimo osaiyesa. Zina zimadzizimitsa zokha zikaona kuti chimene mwalumikizacho chikukoka magetsi ochepa. Yesani loboti ikukankha khoma ndi batire lotopa, osati ili phee patebulo matayala ali m'mwamba.

Komanso inu amene mumasunga mabatire osalemba manambala, lotchaja ndi lakutha zili mulu umodzi, wina akungotola limene lili pafupi n'kuthamangira nalo kubwalo. Mawaya a pa batire akugwedera, mabawuti osamanga, tepi yamatuka, koma aliyense ali kalikiliki kupukuta loboti kuti iwale pa chithunzi. Choyezera batire chili m'bokosi, palibe wachigwira chiyambire m'mawa.