Inu otseka nthaka ndi simenti, tamverani

Ana anga okhala m'mizinda, khalidwe ili lanyanya. Munthu akangogula puloti, choyamba n'kugwetsa mtengo umene waupezapo, kenako n'kuthira simenti bwalo lonse mpaka pageti, ati nsapato zisadetsedwe ndi matope. Nanga mvula ikagwa madziwo alowe pati? Mwaboola mpanda m'munsi, madzi onse mwawalozetsa kwa mnzanu wakumunsi. Usiku iye akukapa madzi ndi beseni, matiresi atakweza patebulo, ana atanyamula kumsana, inu mukuliza mkonono. Manyazi mulibe?

Tawerengerani nokha. Denga la mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi, pakagwa mvula ya mamilimita 20 chabe, limatsitsa malita 2,000. Imeneyo ndi migolo khumi ya malita 200, kuchokera panyumba imodzi. Ndiye nyumba zathithikana, aliyense watseka pake, madzi onsewo athamangira nthawi imodzi m'ngalande imene mwaidzaza kale ndi mapulasitiki ndi matewera. Ikasefukira mukuti ndi tsoka. Tsoka lanji? Madzi saiwala khwawa.

Musaganize kuti ngalande zikuluzikulu n'zimene zingatipulumutse. Mzinda wa Copenhagen ku Denmark, wolemera uja, unamira pa 2 Julayi 2011 ndi mvula yoposa mamilimita 100 m'maola ochepa, mapaipi ali pomwepo. Lero akukonza mapaki ndi misewu yoti izisunga madzi mvula ikakula. Mumzinda wa Philadelphia ku America anayamba mu 2011 ntchito ya zaka 25 yobzala mitengo ndi kukonza timinda tomwa madzi m'mbali mwa misewu. Anzathu akuswa konkire, ife ndiye tikuthira.

Pakhomo panu siyaniko nthaka ipume. Poimika galimoto yalani njerwa zosiya mipata, kapinga amere pakati. Paipi yochokera kudenga ilowe m'thanki, koma yovindikira, tisawete udzudzu. Osefukira m'thankimo apite pakadzenje kosazama, kotalikirana ndi maziko a nyumba mamita atatu, kobzalamo udzu ndi zitsamba za mizu yozama. Madzi a pamenepo azilowa pansi pasanathe masiku awiri. Akapitirira, dothi lanu ndi lamakande, sakanizani ndi mchenga ndi manyowa a zomera.

Ndipo inu eni nyumba zalendi, amene mumamanga zipinda mpaka kugunda mpanda, ndikunena inuyo makamaka. Bowo la m'munsi mwa mpanda lija kalitsekeni mvula isanayambe, muswe simenti pangodya imodzi ya bwalo, mubzalepo mtengo.