Munthu akapita kunja, timizere tabuluu tisakulamulireni

Pali mkangano umene umabuka m'mabanja ambiri munthu akangokwera ndege kupita dziko lina, ndipo kawirikawiri suyamba ndi nkhani yaikulu ayi. Umayamba ndi timizere tiwiri ta pa WhatsApp. Mayi atumiza uthenga m'mawa, timizere tija n'kusanduka tabuluu, mwana ali zii. Pofika masana mayi aja afunsa kale azakhali, azakhali aponya nkhaniyo mu gulupu ya banja, ndipo dzuwa likamalowa ena ayamba kunong'ona kuti mwanayo wayamba matama poti wakwera ndege. Chonsecho munthuyo anangotsegula foni ali pamzere wodindira mapasipoti, wachitetezo n'kumuuza kuti aibweze m'thumba, ndipo atatuluka apo anali ndi chikwama, tulo ndi msewu wosaudziwa.

Maganizo anga pa nkhaniyi ndi awa, abale anga. Wapaulendo ali ndi ngongole imodzi yomwe sayenera kuizemba, ndiyo kunena kuti wafika. Zina zonse, monga kuimba kangati, nthawi yanji, ndi ndani woyamba kuuzidwa, n'zofunika kukambirana iye asananyamuke. Ife otsala tilibe ufulu womufuna pafoni ola lililonse, ngakhale timamukonda chotani.

Tikuiwala kuti zinthuzi ndi zadzulodzulo. WhatsApp inayamba mu 2009, timizere tabuluu tinabwera mu 2014, kuimba kwa mawu kunayamba mu 2015, ndipo kuimba koonana nkhope kunatsatira mu 2016. Skype, imene inayamba mu 2003 n'kuphunzitsa anthu ambiri kulankhulana akuonana pa kompyuta, inatsekedwa mu May 2025. Makolo athu ankadikira kalata kwa masabata, ndipo kukhala chete kwa munthu sikunkatanthauza tsoka. Lero maola atatu okha atikwanira kuyamba kuganiza za ngozi. Walira mvula walira matope: tinafuna kumvana msanga, ndipo nkhawa nayo yayamba kufika msanga.

Choyamba chimene otsala ambiri sachiwerengera ndi kusiyana kwa nthawi. Aliyense amadziwa kuti kulipo, koma chala chikafika pa batani loimbira, mutu umaiwala. Mu January, ikamakwana 8 koloko madzulo ku London, ku New York imakhala 3 koloko masana, pomwe ku Tokyo ndi 5 koloko m'bandakucha wa tsiku lotsatira. Kusiyanako sikukhala kwa maola athunthu nthawi zonse. Pamene ku London ndi 12 koloko masana m'mwezi womwewo, ku Delhi ndi 5:30 madzulo, ndipo ku Kathmandu ndi 5:45. Komanso maiko ena amasuntha mawotchi awo kawiri pachaka. Ku America amasuntha Lamlungu lachiwiri la March, pomwe ku Britain amadikira Lamlungu lomaliza la mwezi womwewo, moti kwa masabata awiri kapena atatu kusiyana kwa London ndi New York kumatsika kuchoka pa maola 5 kufika pa 4. Ku Japan sasuntha n'komwe. Munthu amene munapangana naye kuti muzilankhula "nthawi yomweija" akhoza kupezeka ali pantchito popanda kukunamizani. Wotchi ya pafoni iliyonse ya makono imalola kuwonjezera mzinda wina. Ikani mzinda umene mbale wanuyo ali, muziyang'ana musanaimbe. Ndi ntchito ya mphindi imodzi, koma anthu angati amaichita?

Chachiwiri, foni imene imagwira bwino kwanu siigwira chimodzimodzi kulikonse. Ku Dubai mauthenga a WhatsApp amadutsa, koma kuimba kwa mawu kapena kwa vidiyo pa WhatsApp pomwepo kumakhala kotsekedwa, ndiye amene akuimba kambirimbiri uku akupsa mtima akungodzivutitsa. Ku China WhatsApp, Facebook ndi Google n'zotsekedwa, anthu akumeneko amagwiritsa ntchito WeChat. Ngati mwana wanu akupita ku Guangzhou kukagula katundu ndipo simunakambirane izi, mudzakhala masiku mukuyang'ana kamzere kamodzi kotuwa. Za roaming, kutanthauza kugwiritsa ntchito simu khadi yakwanu uli kudziko lina, nazo zimasokoneza anthu. Maiko a mu European Union anathetsa malipiro owonjezera a roaming pakati pawo mu June 2017, koma izo zimathandiza amene ali ndi simu khadi yakomweko. Mlendo wochokera kwina amalipira ndithu, n'chifukwa chake ambiri amazimitsa data n'kumadalira Wi-Fi ya kuhotela kapena kumene afikira. Munthu wotere amaoneka pa intaneti m'mawa ndi usiku basi, masana onse ali mumdima. Sanakuthaweni.

Ndiye pali ulendo weniweniwo. Ndege yochoka ku Singapore kupita ku New York osaima imatenga maola opitirira 18. Maulendo ambiri si aatali choncho, koma mukaphatikiza kudikira ndege ina pabwalo lapakati, tsiku lathunthu limatha munthu asanapeze netiweki yodalirika.

Musaganize kuti ndikuikira kumbuyo apaulendo. Nawonso ena amanyanya. Chimene sindimachimvetsa mpaka pano ndi munthu amene watsika ndege, wapeza Wi-Fi, wajambula chithunzi pagalasi la pabwalo la ndege, waika pa Facebook ndi mawu othokoza Mulungu, koma mayi ake sanawauze kanthu. Mayiwo n'kumva kwa mnansi amene waona chithunzicho kuti mwana wawo wafika. Kumeneko ndi kupanda ulemu, tisakuphimbe ndi dzina lina. Mawu akuti "Amayi, ndafika bwino, ndikuimbirani ndikapuma" satenga ngakhale theka la mphindi, ndipo amagula mtendere wa nyumba yonse.

Wapaulendo wanzeru amasiya zinthu zingapo m'manja mwa munthu mmodzi wodalirika. Nambala ya ndege, osati kungoti "ndinyamuka Lachinayi". Ndi nambalayo, otsala atha kuona okha pa Flightradar24, tsamba la pa intaneti loonetsa pamene ndege zili, kuti ndege yatera kapena yachedwa, osavutitsa aliyense. Adiresi ya kumene akafikire, nambala ya munthu wina wakumeneko, chithunzi cha tsamba loyamba la pasipoti, ndi kumene kuli ofesi ya kazembe wa dziko lake. Iye mwini alembe manambala awiri kapena atatu papepala n'kuika m'chikwama cha pasipoti, chifukwa masiku ano foni ikatayika kapena ikathima, ambirife sitingatchule pamtima ngakhale nambala ya amene timagona naye nyumba imodzi. Power bank ikhale m'chikwama cha m'manja, popeza m'chikwama chachikulu chokapereka salola, ndipo afunsiretu mtundu wa soketi yakumeneko. Chaja ya mano atatu ya ku Britain siilowa pakhoma ku Paris kapena ku Chicago.

Ndatchula munthu mmodzi dala. Banja likakhala lalikulu, wapaulendo sangayankhe amalume, achemwali, alamu ndi asuweni aliyense payekha, funso lake lomwelo. Auze mmodzi, mmodziyo afalitse. Amene adzakwiye chifukwa sanauzidwe mwachindunji, ameneyo akufuna ulemu wake, za moyo wa wapaulendoyo ndi zachiwiri kwa iye.

Nkhani ya nambala yatsopano ndi imene ndikufuna muimvetsetse, chifukwa apa ndi pamene akuba amalowera. Munthu akagula simu khadi ya dziko limene wapita, WhatsApp yake imapitiriza kugwira pa nambala yakale pokhapokha iye mwini aisinthe. Ndiye mukalandira uthenga wochokera ku nambala yachilendo wakuti "Adadi, foni yanga yatayika, iyi ndi nambala yanga yatsopano, nditumizireni ndalama msanga ndili pamavuto", imani kaye. Chinyengo chimenechi n'chodziwika, apolisi a ku Britain ndi ku Australia akhala akuchenjeza anthu za icho, ndipo chimagwira bwino kwambiri pa kholo limene lili kale ndi nkhawa. Imbani nambala yakale. Mukalephera, uzani mwini uthengawo kuti alankhule mumve mawu ake, ndipo mumufunse chinthu chimene munthu wakunja kwa banja sangachidziwe. Wakuba amakhala ndi chifukwa chokonzeratu chokanira kulankhula, ndipo amakufulumizitsani. Banja limene linagwirizana kale kuti nkhani ya ndalama siikambidwa pa uthenga wolemba silipusitsidwa wamba.

Za kuonetsana malo amene munthu ali, ndili pakatikati. WhatsApp imalola kutero kwa mphindi 15, ola limodzi kapena maola 8. Mtsikana amene wakwera takisi usiku mumzinda wachilendo akatumiza zimenezi kwa mkulu wake, ndi nzeru ndithu. Koma mwamuna kapena mkazi amene akulamula mnzake kuti aziyatsa tsiku lililonse, vuto lake silichokera ku ulendowo, linalipo kale.

Chimene chimapha kulankhulana pang'onopang'ono, kuposa netiweki ndi mawotchi, ndi zimene timatumiza. Tsegulani macheza anu ndi mbale amene ali kunja, muwerenge mauthenga anu khumi omaliza. Ngati asanu ndi atatu akuyamba ndi moni wamfupi n'kuthera pa pempho, musadabwe kuti masiku ano amachedwa kutsegula. Munthu ali kuchilendo amalakalaka nkhani zazing'ono, zopanda pake zomwe: kuti mwana wayamba kuyenda, kuti agogo anafunsa za iye, kuti galu uja wabereka. Mutumizireni chithunzi popanda kufuna yankho. Ndipo inu okonda voice note ya mphindi zisanu ndi ziwiri, imene mfundo yake ili kumapeto, chonde lembani mzere umodzi pamwamba wonena ngati ndi nkhani yofulumira. Munthu ali m'sitima yodzaza kapena m'kalasi sangaimvere, ndipo amakhala tsiku lonse mtima uli m'mwamba poganiza kuti kwagwa zovuta.

Zovutazo zikagwadi, mabanja ambiri amasokonezeka. Ena amabisa matenda kapena maliro poti "asasokonezeke ndi sukulu", munthu n'kudzaona chithunzi cha malemu pa status ya msuweni. Ena amamuponyera uthengawo pakati pausiku ali yekhayekha m'chipinda, popanda woti amugwire dzanja. Zonse ziwirizi n'zopweteka, koma kubisa ndiko kumasiya chilonda chosapola, makamaka lero pamene nkhani siisungika ngakhale ola limodzi. Funso limeneli n'lovuta kulifunsa munthu akulongedza katundu mosangalala, komabe lifunseni: kukachitika choipa kuno, tikuuze nthawi yomweyo kapena tidikire kuche kumeneko, ndipo akuuze ndani? Akakhala ndi mnzake kumeneko, tengani nambala yake, kuti tsiku loterolo muyambe mwaimbira mnzakeyo apite akakhale naye pafupi musanamuuze.