Lekani kufalitsa za anamapopa, ana inu

Lachiwiri lapitali ndili m'minibasi yochoka ku Limbe kupita ku Mulanje, mnyamata wina wovala bwino, wooneka kuti kusukulu anapitako ndithu, anatulutsa foni n'kumaonetsa anthu kavidiyo. Mzungu wa mano osongoka akuluma mtsikana pakhosi. Ati, "Mwaona? Anamapopa abweranso." Mayi amene ndinakhala naye pampando anayamba kunjenjemera, n'kupempha kuti amutumizire pa WhatsApp. Ine mtima unandiwawa ulendo wonse.

Filimu ya ku Ulaya, magazi ake a utoto, lero yasanduka umboni? Za 2017 mwaiwala kale? Ku Mulanje, ku Phalombe ndi ku Thyolo anthu ankagona panja m'magulu, anyamata akutchinga misewu, maambulansi akugendedwa, bungwe la United Nations mpaka kuchotsa antchito ake. Anthu osalakwa anaphedwa. Namapopa amene anagwidwa ndi chidebe cha magazi munamuona ndani?

Chilombo mukuonetsanacho ndi Dracula, wa m'buku limene Bram Stoker wa ku Ireland anatulutsa mu 1897. Mukudziwa kuti anthu a ku England ankaopa chiyani masiku amenewo? Ankaopa obwera. Ayuda othawa nkhanza ku Russia ndi ku Poland anali atadzaza kummawa kwa London, eni mudzi akudandaula kuti alendowa abwera ndi matenda. Akazi ataphedwa ku Whitechapel, kummawa kwa London komweko, mu 1888, zala zinathamangira kuloza obwera omwewo. Ndiye taonani chilombo cha Stoker: mlendo wochokera ku Transylvania, dera limene lero lili ku Romania, wofika pa sitima yapamadzi ku doko la Whitby ndi mabokosi 50 a dothi lakwawo, wogula nyumba ku London, wolowa kuchipinda kwa akazi a eni dziko usiku n'kuwaipitsira magazi. Nthawi imeneyo chindoko chinalibe mankhwala ochiza. Mantha onsewo anangowaveka nkhope ya munthu. Ngakhale woyamwa magazi wa m'nkhani ya John Polidori ya mu 1819 anali bwana wolemera wa m'banja lapamwamba, amene amadyera anthu masuku pamutu n'kuwasiya atatheratu.

Nanga mantha otere akagwira anthu enieni amathera kuti? Mu 1892 ku Exeter, m'chigawo cha Rhode Island ku America, chifuwa chachikulu chinkatha banja lina. Anthu anafukula mtembo wa mtsikana Mercy Brown, kuwotcha mtima wake, phulusa n'kumwetsa mlongo wake wodwala. Mnyamatayo anamwalirabe. Anachita chipongwe pamanda, matenda ali m'mapapo!

Inunso ndi momwemo. Njala ikavuta, mankhwala akasowa kuchipatala, ndalama ikathawa m'thumba, mumayamba kufunafuna wa mano osongoka. Ndipo amene mumamupeza ndi yemwe uja: mlendo wofunsa njira, namwino wonyamula chikwama, wodwala misala woyenda usiku, wogulitsa malonda wochokera ku Mozambique. Mwana wanu amene ali ku Johannesburg si mlendonso kumeneko? Akamutchingira msewu mudzalira bwanji? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndi chala chimodzi mwatumiza bodza kumagulu khumi, kenako mukagona tulo tabwino. Maliro akachitika mudzabwera kudzakumba nawo manda?

Iwe mnyamata wa m'minibasi, ndi nonse amene munalandira kavidiyoko, fufutani lero lomwe. Manyazi mulibe?