Kapu ya khofi ya mu ofesi yanditopetsa kuno ku Leeds

Abale anga, lero mundilole ndidandaule za khofi ndi tiyi wa kuntchito, chifukwa nkhaniyi yandikhala pakhosi kwa zaka zitatu. Wina anena kuti ndi nkhani yaing'ono. Kwa ine si yaing'ono, pakuti pa ketulo ya mu ofesi ndi pamene ndinadziwira malo amene anthu awa anandiika.

Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina kuno ku Leeds, m'dziko la Britain. Pa tebulo pathu tilipo 7. Azungu a kuno ali ndi mwambo umene amautcha tea round: ukanyamuka kukawiritsa madzi, uyenera kufunsa anzako onse ngati akufuna chakumwa, n'kuwapangira. Aliyense ali ndi kapu yakeyake ndipo usayerekeze kusinthanitsa. Uyu amafuna mkaka kadontho kokha, uyo shuga masupuni awiri, wina masamba akhale m'madzi mpaka tiyi ade bii, wina mkaka wa oat chifukwa wa ng'ombe umamupweteka m'mimba. Zonsezi ndinaziloweza pamtima sabata yoyamba, ndipo ndinkasangalala. Ndinkati anthu awa ali ngati ife, sadya okha anzawo akuyang'ana.

Ndinalakwa kuwerenga. Kwathu tinaleredwa kuti wobwera kumene amatumikira akuluakulu, choncho ndinkanyamuka katatu kapena kanayi patsiku, thireyi m'manja. Iwo anangozolowera. Mwezi wina kumapeto, ntchito itandipanikiza, ndinakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka masana osanyamuka. Mayi wina anandifunsa ngati ndikudwala, poti tiyi sanabwere. Mwa anthu 6 aja palibe ndi mmodzi yemwe amene anati, "Lero khalani, ndikupangirani ndine." Nditafika kunyumba ndinalira ndithu. Munthu amene ndimadziwa kuchuluka kwa shuga wa aliyense, palibe amene ankadziwa kuti ine ndimamwa tiyi wotani.

Za mufiriji ndiye musanene. Timasonkha mapaundi awiri pamwezi ogulira mkaka ndi shuga, komabe botolo lililonse lalembedwa dzina la mwini wake. Tsiku lokumbukira kubadwa kwako, keke umabweretsa wekha.

Ndipo chakudya chamasana! Lamulo la dziko lino limati wogwira ntchito yopitirira maola 6 apume mphindi 20, ndipo ambiri amadyera pa kompyuta pomwepo, sangweji kudzanja limodzi, linalo likutayipa. Palibe woti "tiyeni tidye" kapena "karibu". Ku Blantyre kumene ndinkagwira kale, mesenjala akabweretsa tiyi wa 10 koloko, wina ankatulutsa mandasi, wina mbatata yophika, ndipo ngakhale amene analibe kanthu tsiku limenelo ankadya. Kuno tsiku lina ndinatenthetsa nsima ndi usipa umene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Mangochi. Ola lisanathe inatuluka imelo yopita kwa onse, yopempha kuti tiziganizira anzathu pa nkhani ya zakudya zonunkha. Sanatchule dzina, koma aliyense ankadziwa. Bwanji osabwera kudzandiuza pamaso? Tikanamvana ngati anthu. Kuyambira pamenepo usipa ndimadyera kunyumba, mazenera otseka.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi khofi wina, wa kunja kwa ofesi. Cha m'ma 11 koloko bwana wathu amatenga jekete n'kuitana awiri kapena atatu kuti akamwe khofi pa kashopu ka pakona. Amapita mphindi 15 zokha. M'mphindi zimenezo ndi mmene mumakambidwa za yemwe akuchoka, za mpando umene utseguke, za yemwe apite kukaphunzira. Pamene chilengezo chikufika pa imelo, nkhani inatha kale pa kapu ya khofi. Mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndi manja angawa anakwezedwa chaka chatha, ndipo anandiuza yekha, mosabisa, kuti anamva za mpandowo milungu itatu usanalengezedwe. Ine sindinaitanidwepo ndi kamodzi komwe. Sindikunena kuti amadana nane. Amandimwetulira, amandiyamikira kuti ndine wolimbikira. Kungoti akamaganiza za munthu wocheza naye, nkhope yanga sibwera m'mutu mwawo. Imabwera akamva ludzu.

Mudzati bwanji osadandaula kwa akuluakulu. Anzanga a kumudzi, visa yanga ya Skilled Worker, chilolezo chogwirira ntchito m'dziko lino, inamangiriridwa ku kampani imeneyi. Ntchito ikatha, kawirikawiri amakupatsa masiku 60 kuti upeze kampani ina yokuimira, apo ayi unyamule katundu. Ndili ndi ana awiri pasukulu kuno, ndi achemwali anga ku Luchenza amene amadikira ndalama mwezi uliwonse. Munthu wotere amameza mawu. Ndipo ukadandaula unene kuti chiyani? Kuti sandiitana kukamwa khofi? Adzakuyang'ana ngati wazungulira mutu, pamene iwe ukudziwa kuti pamenepo ndi pomwe pagona tsogolo lako.

Ndikamatsanulira madzi otentha pa masamba aja ndimakumbukira amayi anga. Anathyola tiyi m'minda ya ku Thyolo zaka zambiri, dengu kumsana, mvula ikugwa, malipiro akuwerengedwa pa sikelo. Tiyi wa ku Thyolo ndi Mulanje wakhala akubwera ku Britain kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo amasakanizidwa ndi wa ku Kenya ndi maiko ena m'mapaketi ambiri a kuno. Ndinawauzapo anzanga a mu ofesi zimenezi. Anati n'zosangalatsa, n'kubwerera pa kompyuta. Kapu imodzi ya pa kashopu paja, ya mapaundi atatu kapena anayi, imaposa zimene amayi ankalandira tsiku lonse. Amayi anathyola masamba, mwana wawo anaphunzira mpaka ku yunivesite, ndipo akunyamulabe thireyi. Zimenezi zimandipweteka mumtima.

Mwezi wathawu kwabwera mtsikana watsopano wa ku Chipata. Ndinamumva akulankhula Chinyanja pa foni m'khonde, mtima wanga unadumpha. Sabata yake yachiwiri ndinamuona atanyamula thireyi kachitatu tsiku limodzi, akumwetulira, akufunsa aliyense za shuga. Ndinamutsatira ku khitchini n'kumuuza kuti, "Mng'ono wanga, kamodzi patsiku n'kokwanira. Enawo ali ndi miyendo." Kenako ndinamufunsa mmene iye amamwera tiyi wake. Anati wa mkaka wambiri ndi shuga masupuni atatu. Ndinamukhazika pampando n'kumupangira, ndipo Lachisanu tinagwirizana kuti ndibweretsa nsima ndi nkhwani wotendera, tikadyere limodzi m'galimoto yanga panja.