Chibuluma cha dothi chinkaposa kalata

Mu 1147, William de Warenne, nduna yaikulu ya dera la Surrey, atapereka mphatso ku nyumba ya amonke ya ku Lewes, ku England, nkhani sinathere pa kulemba. Iye ndi m'bale wake Ralph anaima patsogolo pa guwa, bishopu Henry wa ku Winchester n'kuwadula tsitsi ndi mpeni anthu akuona. Kalata inalembedwa ndithu, koma ntchito yake inali kuchitira umboni kuti mwambowo unachitika.

Ena akamva zotere amati unali umbuli wa anthu akale. Ine ndikukana.

Taganizani mwagula munda nthawi imeneyo. Kalata yalembedwa pa chikopa cha nkhosa, m'Chilatini, chinenero chomwe inu, wogulitsayo ndi anansi anu simuchidziwa. Odziwa kulemba ndi ansembe ndi amonke, ndipo ena mwa iwo, monga a ku Westminster, ku London, ankapeka makalata n'kumati anachokera kwa mafumu amene anamwalira kale. Mukanakhulupirira chikopacho? N'chifukwa chake malo ankasintha mwini tsiku limene wogulitsa waima m'mundamo, n'kupatsira wogula m'manja chibuluma cha dothi kapena kanthambi, pamaso pa mboni. Mwambowu unkatchedwa livery of seisin. Popanda umenewu, kalata yokha sinkakupatsa munda. Ena ankachita kumangirira mpeni ku kalatayo, kuti woona mpeniwo akumbukire tsikulo.

Lamulo la Afulanki, mtundu wa anthu a ku Ulaya okhala m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, la m'zaka za m'ma 600, linkalamula wogula kubwera ndi anyamata pamodzi ndi mboni, n'kumenya anyamatawo mbama ndi kuwakoka makutu kuti asadzaiwale. Nkhanza imeneyo sindingaiyamikire. Komabe ndikumva chomwe ankafuna: mboni yomwe idzakhale ilipo akuluakulu onse atapita.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti mwambo unkachititsa kuti nkhani ya malo ikhale ya mudzi wonse. Kalata ingalembedwe m'chipinda usiku, koma kuima m'munda wa mwini masanasana n'kupereka dothi lake, anansi sangakulekerereni.

Kenaka kalata inapambana. Ku England, lamulo la 1677 linati kugulitsa malo kuzilembedwa, ndipo pofika 1845 chikalata chokha chinali chokwanira. Sindikutsutsa kuti zinathandiza, poti mboni zimafa ndipo zina zimagulidwa. Koma kuyambira pamenepo munda unayamba kusintha mwini popanda woyandikana nawo malire kudziwa, ndipo zimenezo zimandiwawa.